M'makutu Mukalira Kwambiri pa Nthawi ya Mavuto

Kulira kwa m'makutu kumadziwa kusankha nthawi yoipa. Mwezi umene fizi ya mwana yasowa, sabata imene mukudikira zotsatira za kuchipatala, usiku umene mwabwera kuchokera kumaliro mutagona panja masiku awiri, ndi pomwe kaphokoso kamene munali mutakaiwala kamadzuka n'kukhala ngati nyenje ya mu Okutobala yatera m'mutu. Ine ndakhala nako zaka zoposa 15. Kanayamba nditagwira ntchito pa chigayo cha dizilo zaka zinayi, makutu ali pululu opanda chotseka chilichonse, ndipo mpaka lero makutu anga onse awiri amaimba kamawu kosongoka, kosadukiza.

Masiku ambiri sindikumbuka n'komwe kuti kalipo. Koma mayi anga atagonekedwa m'chipatala miyezi iwiri, ine ndili wodikirira wodwala, phokosolo linakula mpaka ndinkakhulupirira kuti makutu akutha ndipo ndigontha chaka chisanathe. Sindinagonthe. Zimene ndalemba pano ndi njira imene ndimatsata phokoso likakwera: kuyamba ndi zoopsa, kenako zokonzeka mosavuta, kenako zofuna kuleza mtima. Madokotala amalitcha vutoli tinnitus. Dzinali ndi bwino kulidziwa, limafupikitsa nkhani mukafika kuchipatala.

Musanaloze chala nkhawa, yang'anani izi

Pali zizindikiro zimene zikaoneka, malangizo ena onse adikire kaye, inu mupite kuchipatala.

Chachikulu ndi khutu limodzi kusiya kumva mwadzidzidzi. Mwadzuka m'mawa, foni simukuimva mbali imodzi, ndipo m'khutu lomwelo mukulira. Ambiri amati ndi phula kapena chimfine, n'kudikira mwezi. Nthawi zina ndi phuladi. Koma nthawi zina ndi mkati mwenimweni mwa khutu mmene mwavulala, ndipo mankhwala amene madokotala amapereka pa vutoli, monga prednisolone, amathandiza akayambidwa m'masiku oyambirira. Pakadutsa masabata awiri mwayi umakhala utachepa kwambiri. Musadikire kuti maliro athe kapena kuti malipiro atuluke.

China ndi phokoso logunda limodzi ndi mtima. Gwirani mtsempha wa padzanja: ngati kugunda kwake kukufanana ndi kwa m'khutu, ndiye kuti mwina mukumva magazi enieni akuyenda. Zimenezi zimabwera ndi BP yokwera, kuchepa kwa magazi, kapena vuto la mitsempha ya m'khosi ndi m'mutu. Kwa mayi woyembekezera, phokoso lotere pamodzi ndi mutu waukulu ndi kutupa kwa nkhope kapena manja ndi nkhani ya tsiku lomwelo, si yodikira tsiku la sikelo.

Chimodzimodzi ngati kulirako kwabwera ndi chizungulire choti nyumba ikuzungulira, nkhope kupindikira mbali imodzi, mafinya kapena magazi m'khutu, kapena kwayamba mutamenyetsa mutu, mwina pa ngozi ya njinga ya kabaza. Ndipo ngati phokoso lili khutu limodzi lokha miyezi yonse, ngakhale silikupweteka, likayezedwe. Sizachangu ngati zinazo, koma nthawi zina, ngakhale si kawirikawiri, limachokera ku kachotupa kamene kamamera pa mtsempha wa kumva.

Chomaliza ndichinena mosabisa chifukwa ndikudziwa kuti ena amafikapo. Ngati phokoso ndi mavuto ena zakufikitsani poganiza zodzichotsera moyo, uzani munthu lero lomwe, m'bale kapena mnzanu wodalirika, ndipo mupite naye kuchipatala. Maganizo amenewo amachizika, ngakhale phokoso lisanasinthe.

Poyambira ndi chipatala chapafupi, kumene angakuyezeni BP ndi magazi ndi kuunika m'khutu. Ngati pakufunika akatswiri a makutu, mphuno ndi mmero, chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chili nawo pamodzi ndi malo oyezera kumva. Ku Lilongwe kuli Kamuzu Central, komanso ABC Hearing Clinic ya ku African Bible College.

N'chifukwa chiyani limakula mtima ukakhala m'mwamba?

Apa ndikhalitsapo, chifukwa kumvetsa nkhani iyi kunandithandiza kuposa china chilichonse chimene ndinayesa.

Mkati mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono. M'menemo muli timaselo tokhala ndi ubweya toposa 15,000, timene timasandutsa kugwedezeka kwa mawu kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso lalikulu, ukalamba ndi mankhwala ena zimapha timaseloti, ndipo tikafa sitimeranso. Ubongo ukaona kuti uthenga wochokera mbali ina wachepa, umachita zimene mumachita inu wailesi ikamamveka patali: umakweza. Ndipo aliyense amene anakwezapo wailesi yosagwira bwino siteshoni amadziwa chimene chimatuluka. Kulira kumene mukumva, kwa anthu ambiri, ndi kumeneko. Si chinthu chimene chalowa m'khutu. Ndi ubongo umene ukumva kaphokoso ka mawaya ake omwe.

Kaphokoso kameneka pafupifupi aliyense ali nako. Mu 1953 akatswiri awiri a ku America, Heller ndi Bergman, anaika anthu 80 akumva bwinobwino m'chipinda chosalowa phokoso kwa mphindi zisanu. Anthu 94 mwa 100 alionse ananena kuti anamva kulira, kung'ung'udza kapena kulira kwa likhweru, zofanana ndi zimene odwala tinnitus amafotokoza. Kusiyana kwa ife ndi iwo n'kwakuti kwathu kamakwera mpaka kumveka ngakhale kunja kuli moyo.

Tsono ubongo uli ndi mlonda amene amasankha zoti mumve ndi zoti zingodutsa. Munthu womanga nyumba m'mbali mwa msewu wa M1 amavutika ndi malole sabata zoyamba, kenako amagona tulo tofa nato malole akudutsa chimodzimodzi. Mayi wa khanda amagona mvula ikusosola pa malata, koma mwana akangoti ng'ee amadzuka. Mlondayo sayang'ana kukula kwa phokoso, amayang'ana tanthauzo lake. Chimene wachiona ngati choopsa amachikankhira kutsogolo. Wasayansi wina, Pawel Jastreboff, anafotokoza zimenezi mu 1990: kuvutika ndi tinnitus kumachokera pa kulumikizana kwa mbali ya ubongo ya kumva ndi mbali za mantha ndi za kukonzekera ngozi.

Pa nthawi ya mavuto thupi lonse limakhala pa ulonda. Mtima umathamanga, minofu imakungika, tulo timakhala topepuka, makutu amatchera chilichonse. Mlonda uja akamafufuza ngozi, chimene amachipeza pafupi kwambiri ndi phokoso la m'mutu mwanu. Inu mukalimva lakwera mumachita mantha, mantha amauza mlonda kuti walondola, ndiye amalikwezanso. Ndi mmene chingwe chimadzimangira. Makutu anu angakhale ali chimodzimodzi ngati mwezi watha, chasintha ndi mmene ubongo ukuligwirira phokosolo. Ine atandiyeza kumva pambuyo pa matenda a mayi, zotsatira sizinasiyane ndi za zaka zitatu m'mbuyomo, pomwe ndinali wotsimikiza kuti zaipiratu.

Kafukufuku wamkulu wofalitsidwa mu 2022 mu magazini ya JAMA Neurology anapeza kuti pafupifupi akuluakulu 14 mwa 100 alionse padziko lapansi ali ndi tinnitus, koma amene imawazunza kwambiri ndi pafupifupi 2 mwa 100. Ochuluka ali nalo phokoso koma mlonda wawo analisiya. Ntchito yathu ndi kumubweza pamenepo.

Chasintha n'chiyani sabata ino?

Nthawi ya mavuto imasintha zinthu zambiri nthawi imodzi, ndipo zina mwa izo zimakweza phokoso pazokha. Khalani pansi muzifufuze chimodzichimodzi.

Yambani ndi mankhwala. Akuluakulu amene anamwapo kwinini pa malungo safuna kuuzidwa, amakumbukira mmene m'makutu munkalirira, ndipo kulira kwa kwinini nthawi zambiri kumatha mankhwalawo akatha m'thupi. Asipirini womwa wambiri amachita zomwezo, ndipo Brufen ndi diclofenac nawonso angathe. Apa ndi pamene ambiri timakodwa: mutu ukuwawa chifukwa cha maganizo, tikugula mapiritsi pa golosale m'mawa, masana ndi madzulo, osawerenga kuti muli asipirini. Werengani pa pepala. Palinso mankhwala a kuchipatala amene amakhudza makutu, monga jakisoni wa gentamicin, majakisoni akale a TB a streptomycin ndi kanamycin, mankhwala ena a khansa monga cisplatin, ndi Lasix, mankhwala ochotsa madzi m'thupi, akaperekedwa wambiri. Mankhwala olembedwa ndi dokotala musawasiye nokha. Bwererani mukanene kuti m'makutu mwayamba kulira chiyambireni kumwa, iwo aone ngati pali ena olowa m'malo.

Kenako kumbukirani kumene mwakhala. Ukwati, mapemphero a usiku wonse, msonkhano wa ndale, ngakhale mwambo wa maliro wa masiku ano, zonse zili ndi zimkuzamawu zoimikidwa pafupi ndi anthu. Ngati munakhala moyang'anizana nazo maola angapo, phokoso limakwera, ndipo kawirikawiri limatsika pakapita maola kapena masiku ochepa. Apatseni makutu mpumulo ku phokoso lalikulu masiku awiri kapena atatu.

Phula ndi chimfine zimatseka mawu akunja, ndipo akunja akachepa amkati amamveka kwambiri. Chimfine chimatha chokha. Phula musalimbane nalo ndi nthenga ya nkhuku, kamtengo ka machesi kapena timitengo ta thonje, chifukwa mumangolikankhira mkati, ndipo mukhoza kuboola kachikopa kopyapyala kamene kali kumapeto kwa njira ya khutu. Musathirenso mafuta kapena madzi a zitsamba m'khutu lopweteka kapena lotuluka mafinya. Phulalo kuchipatala amalichotsa pa mphindi zochepa.

Pali china chimene anthu sachiganizira, nsagwada ndi khosi. Yesani pompano: lumani mano mwamphamvu, kapena kankhirani chibwano kutsogolo, kapena tembenuzani khosi mpaka pamapeto. Ngati phokoso lasintha kukula kapena kamvekedwe, ndiye kuti minofu imeneyi ikutengapo mbali, chifukwa mitsempha yake imakumana ndi ya kumva pa tsinde la ubongo. Munthu wa nkhawa amakukuta mano usiku osadziwa, masana mapewa ali m'makutu. Ine ndinazindikira nditayamba kudzuka m'masaya mukuwawa. Chothandiza n'chosavuta: nsalu yoviika m'madzi ofunda pa masaya ndi pakhosi madzulo, kusisita minofu ya kutsogolo kwa khutu ndi zala, ndi kudzikumbutsa masana kuti milomo itsekeke koma mano asagundane. Ngati mano akuperepeseka kapena nsagwada ikulira potsegula pakamwa, dokotala wa mano aone.

Za tiyi ndi khofi, musadzizunze. Ambiri amauzidwa kuti asiye, koma ofufuza a ku University of Bristol anayesa zimenezi mu 2010 ndipo sanapeze kuti kusiya kumachepetsa phokoso, kunangowonjezera mutu kwa amene anasiya. Chofunika ndi kusamwa madzulo kuti zisakubereni tulo. Kudumpha chakudya, kusamwa madzi, fodya wochuluka ndi mowa wothawira mavuto, zonsezi zimasiya thupi lotopa ndi lokwiya, ndipo thupi lotero sililekerera kanthu.

Usiku

Nkhondo yeniyeni ili apa. Masana pali msika, ana, magalimoto. Usiku zonse zimakhala zii, ndipo phokoso limatsala lokha ngati kandulo m'chipinda cha mdima. Kanduloyo sinakule, koma palibenso china choona.

Choncho musagone mu zii. Ikani mawu ena ofatsa m'chipinda. Fani imagwira bwino ntchito imeneyi. Wailesi yotsitsa kwambiri imathandizanso, makamaka mukaiika pakati pa masiteshoni pamene imangoti shii, chifukwa nkhani ndi nyimbo zodziwika zimakoka maganizo. Pa foni mungasunge kulira kwa mvula kapena kwa mtsinje. Koperani kakhale m'foni momwemo kuti kasadalire intaneti, ndipo ganizirani za usiku umene magetsi azima: fani imaima, firiji imaima, ndipo anthu ambiri a tinnitus amadzuka nthawi yomweyo. Kawailesi ka mabatire pafupi ndi bedi kamathetsa vuto limenelo. Kumudzi nyengo ya mvula muli ndi mwayi, achule ndi nkhululu amagwira ntchitoyi ulele, bola mugone m'neti.

Pali kulakwitsa kumene pafupifupi aliyense amachita poyamba, ndi kukweza mawuwo mpaka akwirire phokoso lonse. Zimapatsa mpumulo, koma mukangozimitsa phokoso limabwera ngati lakwiya, ndipo ubongo sunaphunzire kanthu. Ikani mawu akunjawo pansi pang'ono pa phokoso lanu, kuti muzimva zonse ziwiri zikusakanikirana. Ubongo sungazolowere chinthu chimene sukuchimva. Ukamachimva pakati pa mawu ena opanda vuto, pang'onopang'ono umachiika m'gulu lomwelo. Mahedifoni olowetsa m'khutu usiku wonse si abwino, mawu azichokera m'chipinda.

Mukagona pakadutsa theka la ola tulo osabwera, musapitirize kugubuduka. Dzukani, khalani pa mpando, nyale ikhale yochepa, chitani kanthu kosatenthetsa mutu monga kusankha nyemba kapena kuwerenga, mubwerere pabedi maso akalemera. Cholinga n'choti bedi lisasanduke malo omenyera nkhondo m'maganizo mwanu. Foni yoyang'ana mauthenga ndi nkhani isiyeni. Ndipo ngakhale mwagona mochedwa, dzukani nthawi yanu ya masiku onse, chifukwa kugona masana kumaba tulo ta usiku wotsatira.

Kupuma kumathandiza, ndipo si nkhambakamwa. Kokerani mpweya m'mphuno mukuwerenga mpaka 4, muutulutse pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6 kapena 8, mimba ndi imene izikwera osati chifuwa. Kutulutsa mpweya motalika kumatsitsa kugunda kwa mtima, ndi njira imodzi yachindunji youzira thupi kuti ngozi palibe. Chitani mphindi zisanu. Musachite n'kumamvetsera ngati phokoso latsika, chifukwa mukatero mwabwereranso pa ulonda. Mukutsitsa thupi, phokoso litsatira nthawi yake.

Maganizo a ngongole ya banki nkhonde kapena feteleza amene sanagulidwe amakonda kubwera 2 koloko usiku, nthawi imene palibe chimene mungachite. Ine ndimawapatsa nthawi yawo dzuwa lisanalowe. Ndimatenga kope, n'kulemba vuto lililonse ndi chinthu chimodzi chimene ndichite mawa pa vutolo. Akabwera usiku ndimadziuza kuti zalembedwa kale. Sikuti amathawiratu, koma mphamvu yawo imachepa.

Mowa ngati mankhwala a tulo ndi wonama. Umakugwetsani msanga n'kukudzutsani m'bandakucha, mtima ukuthamanga, phokoso lili pamwamba. Mapiritsi a tulo monga diazepam ogula mwamseri ndi oopsanso, amazolowereka msanga, ndipo powasiya kulira kwa m'makutu kumatha kukula.

Masana: kumvetsera ndi kudzitsekera

Pali chizolowezi chimene chimadyetsa vutoli kuposa zonse, ndicho kuliyeza. Mwadzuka, funso loyamba: lero lili bwanji? Mwalowa m'chipinda cha zii, mwatseka khutu ndi chala kuti mumve ngati lakula. Nthawi iliyonse mukatero mukuuza mlonda uja kuti chinthuchi n'chofunika, apitirize kuchilondera. Kudziletsa kuganiza za phokoso sikutheka, koma kusiya kulifunafuna dala kumatheka. Mukazindikira kuti mukulimvetsera, vomerani kuti lilipo, kenako bwezerani makutu ku chinthu chakunja: mawu a amene mukucheza naye, khasu likamenya nthaka, madzi akuthira mu ndowa. Mudzachita zimenezi kambirimbiri pa tsiku, ndipo kubwerera kulikonse ndi phunziro kwa ubongo.

Ena mantha amawatengera kwina, amayamba kuthawa phokoso lililonse. Thonje m'makutu tsiku lonse, kutchalitchi asiya, kumsika asiya. Izi zimabweza zinthu m'mbuyo. Makutu otsekedwa pamalo opanda phokoso amapangitsa ubongo kukweza kwambiri, ndipo mapeto ake ngakhale mbale zikagundana zimapweteka. Mawu a tsiku ndi tsiku savulaza makutu.

Ovulaza ndi ena, ndipo ali ndi muyezo. Phokoso limayezedwa m'madesibelo. Pa 85, malire ovomerezeka ndi akatswiri ambiri ndi maola 8 pa tsiku, ndipo likakwera ndi 3 nthawi imadulidwa pakati, kotero pa 100 yatsala mphindi 15 zokha. Popanda makina oyezera, gwiritsani ntchito mkono: ngati mukufunika kufuula kuti munthu woima kutalika kwa mkono akumveni, malowo ndi oopsa. Pachigayo, powotcherera ndi kudula zitsulo, pocheka matabwa, pafupi ndi jenereta kapena zimkuzamawu, valani zotsekera m'makutu zenizeni za siponji kapena zovala kumutu, zimene zimapezeka m'masitolo a zipangizo zomangira. Thonje silitchinga mokwanira. Mukachoka pamalopo, zichotseni. Ndikadauzidwa zimenezi ndili mnyamata pachigayo paja, bwenzi nkhani yanga ili ina, ndipo zimandipweteka kuona anyamata lero akugaitsa tsiku lonse makutu ali pamtunda.

Zimene mumadziuza

Mawu atatu amabwera kwa pafupifupi aliyense: ndigontha, ndikupenga, andilodza.

Tinnitus siigonthetsa munthu. Nthawi zambiri imakhala chizindikiro cha kumva kumene kunachepa kale, koma payokha siidya makutu. Si misalanso. Imalira, imang'ung'udza, imaomba likhweru, koma siilankhula. Ngati mukumva mawu a anthu akukulankhulani kapena kukulamulani, imeneyo ndi nkhani ina yofunika dokotala wa matenda a maganizo, ndipo nayonso ili ndi chithandizo. Za kulodzedwa, ndikumvetsa chifukwa chake ganizoli limabwera, makamaka phokoso likayamba nthawi ya mkangano wa munda kapena wa chuma cha masiye. Koma taonani mmene limagwirira ntchito: mukakhulupirira kuti phokosolo ndi mdani amene wakulowani, mlonda wa mu ubongo sadzalisiya mpang'ono pomwe. Mkangano womwewo, ndi kusagona kumene wabweretsa, n'zokwanira kufotokoza chifukwa chake lakwera nthawi imeneyo. Pempherani ngati ndinu wopemphera, pemphero limakhazika mtima pansi, koma makutu akayezedwe.

Chithandizo chimene chili ndi umboni wolimba kwambiri pa kuzunzika ndi tinnitus ndi uphungu wotchedwa CBT, umene umaphunzitsa munthu kugwira maganizo otere, kuwayesa ngati ndi oona, ndi kusintha zizolowezi zimene zikukulitsa mantha. Suzimitsa phokoso, umathyola chingwe cha pakati pa phokoso ndi mantha. Bungwe la NICE, limene limapereka malangizo a zaumoyo ku Britain, linaika uphungu wotere m'malangizo ake a 2020. Kwathu kuno aphungu odziwa za makutu ndi ochepa, koma amene amathandiza pa nkhawa, kusowa tulo ndi kukhumudwa amagwiritsa ntchito njira zofanana. Funsani namwino wa matenda a maganizo pa chipatala cha boma lanu, kapena a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kupita kumeneko si kuvomera kuti mwazungulira mutu.

Ndalama zanu zisungeni. Pa Facebook ndi WhatsApp pali ogulitsa madontho, tiyi ndi makapisozi olonjeza kuthetsa kulira m'sabata imodzi. Bungwe la madokotala a makutu, mphuno ndi mmero la ku America, m'malangizo ake a 2014, linalangiza kuti zinthu zogulitsidwa m'makapisozi monga ginkgo, zinc ndi melatonin zisaperekedwe ngati mankhwala a tinnitus yokhalitsa, chifukwa umboni woti zimathandiza kulibe. Piritsi lozimitsa phokosoli silinapezeke. Munthu amene ali kale pa mavuto a ndalama akawononga zochepa zotsalazo pa botolo lopanda ntchito, nkhawa imakula ndipo phokoso limakula nayo. Chimene chili choyenera ndalama, ngati kuyeza kwaonetsa kuti kumva kunachepa, ndi kachipangizo kothandiza kumva. Mawu akunja akabwerera, ubongo umasiya kukweza, ndipo ambiri amapeza kuti phokoso labwerera kumbuyo nthawi imene akavala.

A m'nyumba mwanu auzeni. Vutoli silioneka, ndiye mukakwiya msanga kapena kupempha kuti fani ikhale yoyaka mu Juni, amaona ngati ndi khalidwe. Afotokozereni kuti m'mutu mwanu muli phokoso limene iwo salimva, kuti limakula mukatopa, ndi chimene mukufuna kwa iwo. Ndi bwinonso kuwapempha kuti asamakufunseni tsiku lililonse ngati kwasiya kulira, chifukwa funsolo, ngakhale ndi la chikondi, limakutumizani kukamvetsera.

Likakana kutsika

Ngati padutsa masabata anayi kapena asanu ndi limodzi mukuchita zonsezi koma tulo kulibe, ntchito ikukanika, kapena chakudya sichikulowa, pitani kuchipatala ngakhale zizindikiro zoopsa zija palibe. Pa mzere wautali nthawi yolankhula ndi dokotala imakhala yochepa, choncho lembani papepala musananyamuke: linayamba liti, khutu limodzi kapena onse, limagunda ndi mtima kapena limangolira, ntchito zaphokoso zimene munagwirapo, ndi mankhwala onse amene mukumwa kuphatikizapo a pagolosale ndi azitsamba. Pemphani kuti akuyezeni BP, magazi ndi kumva. Nenaninso za nkhawa ndi tulo, musazisiye pakhomo poganiza kuti si za dokotala.

Dziwaninso kuti phokoso silitsika tsiku limene vuto latha. Thupi limachedwa kukhulupirira kuti nkhondo yatha. Mayi anga atatuluka m'chipatala ndinkayembekeza kuti usiku womwewo ndigona, koma kunalira chimodzimodzi pafupifupi masabata atatu, ndipo masiku ena kunkakwera popanda chifukwa chooneka. Ndinapitiriza ndi kawailesi, nsalu yofunda ndi kope langa. Tsiku lina ndikumangirira matumba a chimanga pa njinga, dzuwa lili pamutu, ndinazindikira kuti chidzukireni sindinalimve. Nditatchera khutu linalipo, laling'ono, pamalo pake pakale. Ndinamaliza kumanga matumbawo n'kunyamuka.